Abson Kangwa, Amene Tinamuika ku Chunga

Ku manda a ku Chunga, ukangodutsa mtengo wa bulugamu wopsa mbali imodzi, pali chiliza cha simenti cholembedwa dzina la Abson Kangwa. Munthu ameneyo ndimagwira naye ntchito. Dzulo lomweli tadya limodzi chinangwa chootcha ndi mtedza pa msika wa Kabwata, iye n'kumadandaula kuti mayi wogulitsayo wachepetsa mchere. Pansi pa chilizacho pali bokosi, ndipo m'bokosimo muli thunthu la nthochi lovekedwa jekete yake. Ndikudziwa chifukwa ndinali m'gulu la onyamula, ndipo phewa langa linadabwa ndi kupepuka kwake.

Ine ndine Thandazani. Ndimayendetsa kanta, lole yaing'ono ya kampani ina yobwereketsa matenti ndi mipando pa maukwati ndi pa maliro, ndipo Abson ndiye amamanga matentiwo. Tinakulira limodzi m'mafulati a Kabwata, iye khomo la pamwamba ine la pansi, moti madzi akatayika kwawo ankadonthera pa bedi langa. Atate ake anali Mbemba wa ku Kasama, amake Mnsenga wa ku Petauke, onse Akatolika osaphonya Misa. Ndikulemba za iye chifukwa Lusaka yamunenera zambiri, ndipo ine zimandiwawa. Wina anenepo zoona.

Abson sukulu inamukana pa giredi naini. Anayamba kukwera malole opita ku Dar es Salaam, ntchito yake kumanga katundu ndi kudzutsa dalaivala akayamba kusinza. Kumeneko ndi kumene anaona nyanja yamchere koyamba, ndipo mutu unamuzungulira. Anatsika lole natsalira padoko, kunyamula matumba, kuphunzira Chiswahili ndi timaphunziro ta anthu apanyanja, mpaka sitima ina yonyamula katundu inamulemba ntchito ya padeki, ndiye kuti ntchito ya manja pamwamba pa sitima. Ife a dziko lopanda gombe madzi aakulu timawadziwira pa Kariba, ndipo ambiri a ife ngakhale Karibayo tinangoiona pa chithunzi cha m'buku la sukulu. Choncho Kabwata itamva kuti mwana wa ba Kangwa ali pa sitima, inangomva kuti mwana wa ba Kangwa walemera.

Akabwera kutchuthi ankamutcha ba Kaputeni, munthu woti kaputeni weniweni sankadziwa n'komwe dzina lake. Ankabwera ndi majekete, mawailesi, mafuta onunkhira, ndipo achibale amene sankamupatsa moni ali pa malole anayamba kukumbukira kuti anamuberekapo kumsana ali khanda. Iye ankagawa. Ndi munthu wosatha kukana, mpaka lero.

Zoona zake ankandiuza ine, titakhala pa masitepe a fulati.

"Boi, bantu baganiza ati nimankala pa mupando kutamba nsomba," anatero tsiku lina. "Ine nchito yanga ni nyundo. Kugogoda visulo kuchoka kuseni mpaka zuba yangena. Ukasiliza kusogolo, kumbuyo vaola futi."

Ankanena za dzimbiri, limene limadya sitima usana ndi usiku. Koma dzimbiri linali laling'ono. Anandiuza za chingwe chomangira sitima padoko, chonenepa ngati ntchafu yanga. Chikakokedwa mopitirira chimalira kaye, kenako chimaduka n'kubwerera chikusesa chilichonse chili panjira. Mnzake wa ku Philippines chinamudula miyendo yonse iwiri ali chiimire, ndipo nsonga yake inapita ndi zala ziwiri za Abson za kudzanja lamanja. Anandiuza za zipinda za pansi zosungiramo katundu, mmene mpweya umatha popanda fungo lililonse lochenjeza. Munthu amatsika makwerero n'kungokhala pansi ngati watopa, wachiwiri amatsika kukamutenga, nayenso n'kukhala pambali pake. Za namondwe sankakonda kunena, ankangoti masiku otero umagona utadzimangirira ku bedi. Ndipo munthu akagwera m'madzi, sitima si kanta yoti uponda buleki n'kuima. Pofika poti yatembenuka, mutu wa munthu uja sukuonekanso pakati pa mafunde. Amazungulirazungulira, kenako onse amaima padeki zipewa zili m'manja kwa mphindi imodzi, kaputeni amayang'ana wotchi, aliyense n'kubwerera ku nyundo yake.

Akayesa kunena zimenezi pagulu, anthu ankaseka n'kumati walira mvula walira matope. Kenako ankamufunsa ngati jekete wavalayo akubwerera nayo.

Anakwatira Imelda, mtsikana wa ku Chelstone amene ankagulitsa m'sitolo ya nsalu m'tauni. Sindimunenera zoipa zimene alibe. Anali mkazi wodikira, ndipo kudikira mwamuna pafupifupi chaka chathunthu ulendo uliwonse si masewera. Anabereka mwana mmodzi, Stephanie, ndipo mwanayu ndiye anali mtima wa Abson. Anamubweretsera chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja, choyera kunja, chofiirira m'kati, namuuza kuti akawasowa atate ake azichiika kukhutu. Kamtsikanako kankatsika nacho kwathu n'kundikakamiza kuti nanenso ndimvere ba dadi ali ku nchito.

Mu 2010 anakwera sitima yokalamba yonyamula simenti, ya mwini wosadziwika bwino. Imelda anamuletsa, koma sitima zabwino sizinkalimbirana Mzambia wa zala zoperewera. Kufupi ndi gombe la Somalia achifwamba anabwera pa timabwato tiwiri, nakwera ndi makwerero, mfuti zili kumsana. Anafuna dipo. Mwini sitimayo ataona kuti sitima yake ndi anthu ake omwe sizikufika pa mtengo wa dipolo, anazimitsa foni. Anthu aja anakhala pa nangula miyezi ndi miyezi, akumwa madzi adzimbiri, akudya mpunga wa anankafumbwe kamodzi patsiku, akumenyedwa nthawi iliyonse foni ija ikapanda kuyankhidwa. Kenako kunabwera namondwe, ndipo sitima yosakonzedwayo inamira pomwepo. Ambiri anapita nayo. Ochepa amene anavuulidwa, Abson mmodzi wa iwo, anawatengera kumtunda, kutchire la minga, kukawasunga ngati mbuzi zodikira wogula.

Kuno kunafika uthenga umodzi wokha, wochokera kwa munthu wa ku Dar amene anamupezera ntchitoyo. Anati sitima yamira, palibe wapulumuka.

Ndiye tinachita zimene timadziwa kuchita bwino muno mu Lusaka, tinalira maliro. Tinatulutsa mipando m'fulati, azimayi m'nyumba pa mphasa, azibambo panja pa tenti ndi moto wa zikuni. Akuluakulu a kwa amake anati munthu womira osapezeka saleka kumuika, mzimu wake ungamayendeyende, choncho anadula thunthu la nthochi, kuliveka jekete, n'kuligoneka m'bokosi. Misa inachitika, tinapita ku Chunga, Stephanie wa zaka khumi anaponya dothi. Titabwerako anagawa zovala. Suti yake ya ukwati inapita kwa msuweni wa ku Makeni, amene pa manda paja analira kwambiri kuposa wamasiye. Patatha chaka akuluakulu omwewo anamusudzula Imelda. Anamukhazika pamphasa, kumupaka ufa pamphumi, kumumanga mkanda woyera padzanja, n'kumuuza kuti mwana wathu, ulibenso mangawa ndi banja lino, ukapeza mwamuna ukwatiwe. Anadikirabe chaka china. Kenako anakwatiwa ndi ba Chitalu, bambo wa muofesi, wamasiye nayenso, nasamukira ku Woodlands pamodzi ndi mwana.

Anthu ena achifundo othandiza apanyanja ndiwo anamuombola Abson ndi anzake otsala, mu 2014. Ali ku Nairobi anaimba foni kunyumba kwa amake. Mlongo wake Bernadette ndiye anayankha, ndipo atamva mawuwo anaponya foniyo pansi n'kuyamba kupemphera mofuula. Anaimbanso kwa ine. Ndinaganiza kuti ndi akuba a pafoni, ndiye ndinamufunsa mtundu wa galu amene anatiluma tonse awiri tikuba mango ku Kabulonga. Atandiuza, n'kuwonjezera kuti ine ndinaluza kabudula pa mpanda, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira ngati mwana.

Ndinakamutenga pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Anatsika basi ndi kajumbo m'manja, mano akutsogolo kulibe, khosi ngati la nkhuku yothotholedwa nthenga. Titafika ku Kabwata anthu anali atadzaza pa masitepe, koma tikuyandikira anayamba kubwerera cham'mbuyo. Bernadette anamuwaza mchere ndi dothi kumaso kuti aone ngati azimiririka. Amake okha ndiwo anamukumbatira, akumugwiragwira kumutu ndi m'makutu, akutchula dzina lake laubwana.

Muno mu Lusaka muli nkhani imene ana amaidziwa asanadziwe kuwerenga, yakuti pansi pa nyanja pali mzinda wa Satana, kumene anthu amapita kukatenga chuma posinthanitsa ndi magazi a abale awo. M'matchalitchi ena anthu amaimirira n'kuchitira umboni kuti anapitako, amafotokoza misewu yake ndi masitolo ake, anthu oti ngakhale Kafue sanamuwolokepo pa bwato. Tsono taganizani munthu amene anapita kunyanja, nabwera ndi katundu, nataya zala ziwiri, namira, naikidwa m'manda, kenako n'kutsika basi pa Intercity. Kabwata sinavutike n'kuganiza. Zala zija zinasanduka chikole chimene anasiya kumeneko. Majekete amene anali adakali pa misana yawo anasanduka katundu wa kumadzi, ndipo ena anawatentha, ochenjera anangowagulitsa. Zakuti munthuyu wakhala zaka pansi pa mtengo wa minga, akumwa madzi limodzi ndi ngamila, akukwirira anzake ndi manja, palibe anafunsa.

Amake anamwalira patatha miyezi yochepa. Anali ndi matenda a shuga kuyambira kalekale, Kabwata yense ankadziwa, ena mwa onena aja ndi amene ankawaperekeza kuchipatala. Koma pa maliropo palibe anakhala pa benchi imene Abson anakhala, kupatula ine ndi woledzera wina amene sankadziwa n'komwe kuti ali pa maliro a yani. Anati wapereka amake nsembe.

Akuluakulu anakhala pansi pa nkhani ya Imelda, koma panalibe zambiri zokamba. Anamusudzula okha ndi manja awo, ndipo madzi akatayika sawoleka. Imelda anabwera ndi khanda la ba Chitalu kumsana. Analira mpaka mawu kusasa.

"Ba Abson, ninakulindilani," anatero. "Ba banja yanu ndiye bananimasula. Manje nichite bwanji?"

"Sininabwele kukutengani, bamake Stephanie," Abson anayankha. "Nkalani pa nyumba yanu. Nipempako chabe mwana azibe kuti batate bake balipo."

Ba Chitalu poyamba anavomera. Koma anali mkulu wa mpingo m'tchalitchi china chimene abusa ake ankaona mizimu ya m'madzi ngakhale m'ndowa yochapira. Khanda lija litadwala malungo, abusawo anafunsa ngati m'nyumbamo muli chinthu chochokera kunyanja. Lamlungu lotsatira chigoba cha Stephanie anachiika patsogolo pa mpingo n'kuchiphwanya ndi nyundo, anthu akuimba, mwana wa zaka khumi ndi zitatu akuonerera. Anamuuzanso kuti asadzadye kanthu kochokera m'manja mwa munthu ameneyo, chifukwa ndi mmene amalowetsera anthu m'gulu lawo.

Abson ntchito ndinamupezera ine. Bwana wathu ndi mayi wosasamala za mizimu ya munthu bola tenti iime, ndipo ataona mmene Abson amamangira mfundo ndi zala zitatu anamulemba tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo tazungulira naye Lusaka yense. Lachisanu timamangira osangalala, Lolemba timamangira olira, tenti yomweyo. Kumene sakumudziwa amamupatsa madzi n'kumuti mudala. Kumene akumudziwa azimayi amakokera ana awo m'nyumba, ndipo pa maliro ena ku Kabwata anatibweza pa geti ndi mipando yathu yomwe.

Amachita lendi kachipinda ku Chunga, kufupi ndi manda ake, ndipo amati tsiku lake likadzafika sadzavutitsa munthu ndi mafuta a galimoto. Mwezi wa Novembala, Akatolika akamakonza manda a abale awo, iye amatenga khasu n'kukalambula ake. Ndinamuuza kuti tibwereke nyundo yaikulu tikaphwanye chilizacho. Anakana, ati pansipo pali jekete yabwino. Amaseka, koma ine ndimamudziwa.

Chinthu chimodzi chokha ndicho ankafuna pa dziko lino, ndipo sankabisa. Ankafuna kuti tsiku limene Stephanie adzakwatiwe, adzamugwire dzanja n'kuyenda naye anthu onse akuona, kuti Lusaka idziwe kuti mwanayo ali ndi atate amoyo. Anagula suti yakuda pa salaula, kaunjika wa ku msika wa Soweto, popeza yake ija msuweni wa ku Makeni anali ataifupikitsa miyendo. Inakhala pa msomali m'pepala la pulasitiki zaka zambiri, ndipo nthawi ndi nthawi ankaitulutsa padzuwa kuti isachite nkhungu.

Stephanie sanamutaye kotheratu. Ali ku koleji ankadutsa pa yadi ya kampani yathu kamodzikamodzi, kuima pa geti, n'kunena chapansipansi kuti muli bwanji ba dadi. Abson ankathamanga kukagula zakumwa ndi mabanzi. Mtsikanayo ankalandira ndi manja awiri, kuika m'chikwama, n'kunena kuti akadyera kunyumba. Tsiku lina ndikubwerera ku galaja ndinapeza mabanziwo m'ngalande ya mu Burma Road, botolo lili chitsekere pambali pake. Abson sindinamuuze.

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala mu yadi, Stephanie anabwera atavala mphete. Ine ndinali pansi pa kanta ndikusintha oilo, ndiye ndinamva zonse.

"Ba dadi, nikwatiliwa mu Okutoba."

Abson anasiya chingwe chimene ankakulunga. Kumene ndinagonako ndinaona mapazi ake akusunthasuntha ngati akufuna kuvina.

"Mwana wanga! Suti ilipo kudala. Uniuze chabe chalichi na ntawi."

Mtsikanayo atayankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Ba dadi, bapongozi banga ni ba ku Kabulonga, bakulu ba mu chalichi. Pamene banabwela kukamba va malobolo, ba mami na ba Chitalu banabauza kuti imwe munafela pa nyanja. Banati nkani yanu ni yovuta kulondolola. Manje tikasinta, bazayamba kufunsa, bazamvela vija vamene bantu bamakamba, chikwati chizasila."

"Nanga mwamuna wako aziba chani?"

"Aziba vamene bonse baziba. Ninamupelekako na ku manda. Anaikapo maluba."

Abson anandiuza pambuyo pake kuti maluwawo anawapeza, n'kuganiza kuti wina wasokoneza manda.

"Koma nifuna mukankaleko," Stephanie anapitiriza, tsopano akulira. "Nakamba na ba mami kuti tenti tizatenga kuno. Imwe ndimwe mukamange. Olo mukankale chabe pafupi."

Apa ndinatuluka pansi pa galimoto, oilo ili m'manja monse.

"Iwe mwana, ulibe nsoni? Batate bako ubaitana ku chikwati chako monga wa pisiweki?"

"Thanda, bwelela pansi pa motoka yako," Abson anatero, osandiyang'ana n'komwe. Kenako anatembenukira kwa mwana wake. "Bazabwela bantu bambili? Nifuna nizibe tenti yamene izakwana."

Ndinakwiya. Ndinakwiyira Imelda, ba Chitalu, abusa aja, akuluakulu a thunthu la nthochi, mwini sitima amene ali kwinakwake akudya bwino, ndipo koposa onse ndinakwiyira Abson yemweyo. Mtsikanayo atapita ndinamuuza kuti akwere kanta, tipite ku Kabulonga tsopano lino, akagogode pa geti ya apongoziwo n'kuwaonetsa nkhope yake ndi chitupa chake. Anapukusa mutu.

"Nikangena na mpamvu, wamene azalila ni ndani? Ni mwana. Banamupwanyila chintu chimozi kudala, ine siningamupwanyile chinangu."

Ndinamuuza kuti ndi chitsiru. Anavomera, n'kupitiriza kukulunga chingwe chake.

Lachisanu loti ukwati ndi mawa tinapita ku Woodlands, nyumba ya mpanda wautali wa njerwa, majakaranda atagwetsa maluwa pa kapinga. Abson anali atasankha tenti yatsopano, anaichapa yekha ndi sopo mpaka inayera mbee, ndipo mfundo iliyonse anamanga yekha. Imelda anatuluka kamodzi, anaima pakhonde, maso awo anakumana, anabwerera m'nyumba. Tisanachoke anatuluka azibambo awiri a kutchalitchi ndi botolo la mafuta odzozera, n'kuyamba kudontheza pa chingwe chilichonse ndi pa chikhomo chilichonse, akupemphera m'malilime. Abson anaima pambali manja ali kumbuyo. Atafika pa chingwe cha pakhomo lolowera anangowapempha mwaulemu kuti asathire pa mfundo penipeni, chifukwa ingaterereke.

Loweruka mipando yomweyo inkafunika madzulo pa maliro ku Chelstone, choncho bwana anatituma kuti tikadikire pafupi, alendo akangonyamuka tipakire. Tinafika masana n'kuima kunja kwa mpanda, pafupi ndi geti. Okutobala wa ku Lusaka mumamudziwa. Ine ndinali nditavula malaya n'kutsala ndi vesti, koma Abson anali mu ovolosi yake yabuluu, zipi atakokera mpaka pakhosi, thukuta likutsika m'masaya. Ndinamuseka kuti kapena akuopa chimfine. Maso ake anali pa geti.

Magalimoto anabwera kuchokera kutchalitchi akuimba mahutala, atamangidwa maliboni. Geti itatseguka tinamuona Stephanie akutsika, diresi loyera likukwekwereza pansi, ba Chitalu atamugwira chigongono. Anali wokongola, ndipo mphumi ndi ya atate ake, aliyense wa maso akanaona. Sanayang'ane kumene tinali. Geti inatsekedwa, ndipo zotsalazo tinangomvera pa zokuzira mawu, nyimbo, nthungululu, nthabwala za woyendetsa mwambo, ba Chitalu akuthokoza Mulungu powapatsa mphamvu zolera mwana wamasiye. Pa mawu amenewo ndinalavula pawindo.

Kenako woyendetsa mwambo uja anatsitsa mawu, nyimbo inazima.

"Tikalibe kudya, nipempa tiimilile bonse. Tikumbukile batate ba mkwatibwi, malemu ba Abson Kangwa, bamene banatisiya pa nyanja mwana uyu akali mung'ono. Tiziba kuti kwamene bali basekelela lelo. Miniti imozi ya chete."

Tinamva mipando yathu ikukhuluzika pa kapinga, anthu akuimirira. Dzanja langa linapita lokha pa hutala. Ndinkafuna kuiliza mpaka batire kutha, kuti Kabulonga yense atuluke adzaone malemu awo akutuluka thukuta mu kanta. Abson anandigwira padzanja ndi zala zake zitatu zija, ndipo zinali zolimba ngati pulayazi.

"Leka, Thanda."

Anatsegula chitseko, natsika, nakaima pafupi ndi mpanda, miyendo pamodzi, chipewa chili m'manja, mmene ankaimira padeki. Poweramitsa mutu, kolala ya ovolosi inafutukuka pang'ono, ndipo ndinaona malaya oyera, mfundo ya tayi, ndi phewa la suti yakuda ija. Anali ataivala m'kati kuyambira m'mawa, kuti mwina mwanayo asintha maganizo n'kutuma munthu pa geti.

Woodlands yense anali zii. Ndinamva njiwa mu jakaranda, ndi nsalu ya tenti ikukupiza pang'ono kuseri kwa mpanda. Ndiye geti yaing'ono inalira, inatseguka. Abson anawongoka, dzanja lake linapita pa zipi n'kuitsitsa mpaka pachifuwa. Anatuluka mayi wina wa ophika, atavala epuloni, akupukuta manja.

"Imwe ba tenti, ati musendezeko motoka yanu. Bakwati bafuna kujambula mafoto pa geti apa, manje iwononga."

M'katimo wina anati ameni, anthu anaomba m'manja, nyimbo inayambiranso. Abson anakokera zipi m'mwamba, navala chipewa chake, nakwera.

"Miniti yasila, boi," anatero. "Tiye."

Ndinayendetsa mpaka kuseri kwa ngodya, ndipo tinadikira kumeneko mpaka mlendo womaliza atatuluka. Mipando ndinapakira ine. Mfundo zonse anamasula yekha, imodziimodzi, zili noninoni ndi mafuta odzozera.